Mwana Wosauka m'Mabuku a Ana a Sukulu

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, nkhani yathu ya lero ndi ya mbiri yakale, ngakhale mulibe mafumu kapena nkhondo. Tidzakamba za mabuku a nkhani zopeka amene ana akhala ali kuwerenga onena za anzao osauka, ndi mmene mabuku amenewa anasinthira m'zaka pafupifupi 150. Ndifuna kuti musunge funso limodzi mumtima pamene tili kuyenda: kodi m'buku lililonse mwana wosaukayo ali kuti? Ali kunja pa mseu, ife nkumamuyang'ana pa zenera, kapena ali m'kalasi momwemo pamodzi ndi owerenga? Funsoli lioneka laling'ono, komatu kwa mphunzitsi ndi lalikulu. Tsiku limene muwerengera kalasi nkhani ya umphawi, mwana amene sanalawe kanthu m'mawa ali pomwepo, ali kumva mau onse, ndipo adziwa kuti anzake adziwa.

Tiyambire ku England. M'caka ca 1834 nyumba ya malamulo ya dziko limenelo inapanga lamulo latsopano lonena za anthu osauka. Lamulolo linafuna kuti munthu wopempha thandizo azilowa m'nyumba yochedwa workhouse, mmene moyo unaumitsidwa dala kuti anthu aziopa kupempha. Mwamuna anali kulekanitsidwa ndi mkazi wake, ndi ana kulekanitsidwa ndi makolo ao. Patapita zaka zitatu, mu 1837, Charles Dickens anayamba kutulutsa nkhani ya Oliver Twist pang'onopang'ono m'magazini ya mwezi ndi mwezi, naimaliza mu 1839. Dickens anaulawa yekha umphawi. Mu 1824, ali ndi zaka 12, atate ake anatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea cifukwa ca ngongole, ndipo iye anakagwira nchito yomata mapepala pa mabotolo a polishi wa nsapato. Ambiri a inu aphunzitsi mukumbukira malo aja pamene maere amgwera Oliver, iye nanyamuka ndi mbale yake kukapempha phala lina, ndipo akulu a nyumbayo azizwa monga kuti mwanayo wapha munthu.

Buku limeneli silinalembedwere ana. Analiwerenga ndi akulu, ndipo pambuyo pake anthu ena analifupikitsa ndi kulipeputsa kuti lilowe m'masukulu. Linatsegula maso a anthu ambiri kuti aone nkhanza za workhouse, ndipo pa ici Dickens ayenera kuyamikidwa. Koma taonani mathero ake. Oliver apezeka kuti ndi mwana wa munthu wacuma, ali ndi colowa cake, ndipo mkulu wina wokoma mtima, Bambo Brownlow, amtenga kukhala mwana wao. Mnzake wamng'ono dzina lake Dick, amene analibe mbale wolemera wobisika kwina kwake, angofa. Wowerenga atseka buku mtima uli m'malo cifukwa mwana amene anamkonda wapulumuka, koma cimene campulumutsa ndi magazi a banja limene anabadwiramo.

Ku Denmark, Hans Christian Andersen, mwana wa munthu wosoka nsapato ndi mai wocapa zobvala za eni, anatulutsa mu Disembala 1845 kanthano kakafupi ka mtsikana wogulitsa macesi. Ndi usiku wotsiriza wa caka, kunja kuli cisanu coopsa, mtsikanayo alibe nsapato, ndipo aopa kubwerera kwao popeza sanagulitse kanthu ndipo atate ake adzammenya. Akhala pansi pakati pa nyumba ziwiri nayamba kuyatsa macesi kamtengo kamodzikamodzi kuti aothe. M'kuwala kwa moto aona citofu cotentha, cakudya ca phwando, mtengo wa Khirisimasi, ndipo potsiriza agogo ake amene anamwalira. M'mawa anthu ampeza atafa ndi cisanu. Nthanoyi ndi yolukidwa mwaluso, ndipo palibe mwana amene angaimve osagwidwa cisoni. Koma mtsikanayo alibe ngakhale dzina.

Patapita zaka ngati makumi awiri, ku England kunabuka mtundu wonse wa mabuku otere. Lochuka koposa linali Jessica's First Prayer, la Sarah Smith amene polemba anadzicha Hesba Stretton. Nkhaniyo inayamba kutuluka m'magazini mu 1866, nikhala buku mu 1867, ndipo makope oposa miliyoni imodzi anagulidwa. Jessica ndi mwana wa m'miseu ya London, mai wake ndi cidakwa, ndipo apeza bwenzi mwa munthu wogulitsa khofi amene ayang'aniranso nyumba ya mapemphero. Mabuku otere anali kuperekedwa kawirikawiri ngati mphotho ku Sande sukulu. Tisawapeputse ai, Mai Stretton anali mmodzi wa anthu amene mu 1884 anayambitsa bungwe la ku London loteteza ana ku nkhanza. Komabe mwana wosauka wa m'mabuku awa ndi wofatsa kopitirira. Sakwiya, sanama, sacita nthabwala. Nchito yake m'nkhani ndi kufewetsa mtima wa munthu wamkulu, ndipo wowerenga aphunzira kummvera cisoni ali patali, monga umo timvera cisoni munthu wogona m'mbali mwa mseu ife tili m'basi.

Cimene cinabweretsa kusintha ndi lamulo la sukulu. England inakhazikitsa masukulu a ana onse mu 1870, ndipo mu 1880 inalamula kuti mwana aliyense azipita ku sukulu. Italy, imene inali itangogwirizana kukhala dziko limodzi mu 1861, inapanga lamulo lotere mu 1877. Tsono m'mizinda ya ku Italy mwana wa munthu wa mu ofesi ndi mwana wa wogulitsa nkhuni anayamba kukomana m'cipinda cimodzi, pansi pa mphunzitsi mmodzi, tsiku ndi tsiku. Mwana uja anali kuonedwa pa zenera tsopano analowa pakhomo ndi sileti m'manja.

Buku limene linagwira bwino nyengo yatsopanoyi ndi Cuore, ndiko kunena kuti Mtima, la Edmondo De Amicis, limene linatuluka mu Okutobala 1886 pa nthawi yotsegulira masukulu. Linalembedwa monga kabuku ka mnyamata wina, Enrico Bottini, kolembamo zocitika za tsiku ndi tsiku m'caka ca sukulu ca 1881 mpaka 1882, ali m'kalasi lacitatu mumzinda wa Turin. Kwao kwa Enrico ndi kopeza bwino. Koma m'kalasi mwake muli Coretti, amene adzuka m'mamawa kusenza nkhuni m'sitolo ya atate ake, nabwereza phunziro ali ndi mtolo paphewa. Muli Precossi, mwana wa wosula zitsulo, amene abwera ndi zipsera za kumenyedwa ndi atate ake oledzera koma osabvomera kuti ammenya. Mulinso Crossi wa dzanja lopuwala, amene mai wake agulitsa ndiwo zamasamba. Onsewa ali ndi maina ndi makhalidwe aoao, ndipo ena a iwo amposa Enrico pa khama.

Mvetserani cocitika cimodzi. Tsiku lina Carlo Nobis, mwana wonyada wa munthu wolemera, akangana ndi kamnyamata kochedwa Betti, ndipo posowa coyankha amtukwanira atate ake kuti ndi munthu wa nsanza. Atate a Betti anali ogulitsa makala, malasha monga tinenera m'tauni muno. Mwanayo akaulula kunyumba ali kulira, ndipo masana atate ake, thupi lonse lili bii, abwera ku sukulu kudzadandaula kwa mphunzitsi. Nthawi yomweyo atate a Nobis ali pakhomo, pakuti anazolowera kuperekeza mwana wao. Atamva mlanduwo auza mwana wao kuti apepese pamaso pa kalasi lonse. Iwo eni agwirana canza ndi ogulitsa makala aja, napempha mphunzitsi kuti anyamata awiriwo azikhala pa benci limodzi. Inu ana a m'makomboni, amene muona abambo ali kukankha njinga zolemedwa ndi matumba a malasha dzuwa lisanatuluke, simufuna womasulira kuti mumve nkhani imeneyi.

Koma malo amene ine ndiwakonda koposa m'bukuli ndi aang'ono ndi osapokosera. Mwana wa mmisiri womanga nyumba abwera kudzaceza kwa Enrico atabvala zobvala zakale za atate ake, zoyera ndi njereza. Ponyamuka asiya banga loyera pa mpando. Enrico atambasula dzanja kuti apukute, koma atate ake amletsa, napukuta okha mobisa. Pambuyo pake amlembera kuti kupukuta mnzake ali kuona kukadakhala monga kumdzudzula kuti wadetsa mpando. Pena paja mai a Enrico apita kukapereka nsaru kwa mai wina wosauka wokhala m'kacipinda ka pansi pa denga, ndipo Enrico apeza kuti ndi kwao kwa Crossi, amene ali kulemba nchito ya kusukulu atagwada pa mpando mumdima. Mau oyamba a mai ake ndi akuti asamuitane, kuopa kuti mnzakeyo angacite manyazi. Apa wolemba waona cinthu cimene mabuku oyamba aja sanacisamale, ndico manyazi a wolandira. Mwana wosauka amene ali mnzako wa m'kalasi adzakomana nawe mawa, ndipo thandizo loperekedwa mosasamala limpweteka kuposa njala.

Cinanso coyenera kuti aphunzitsi acidziwe ndi ici: m'kati mwa Cuore momwemo mphunzitsi, Bambo Perboni, apatsa anyamata ake nkhani imodzi mwezi uliwonse, zonse pamodzi zisanu ndi zinai. Ina ndi ya Giulio wa ku Florence, amene adzuka pakati pa usiku kulemba maadiresi mobisa m'malo mwa atate ake, kalaliki wa njanji, kuti banja lipeze ndalama zoonjezera. Ndipo atate akewo, posadziwa, amkalipira cifukwa coodzera pa maphunziro. Ina ndi ya Marco wa ku Genoa, amene aoloka nyanja yekha kunka ku Argentina kukafuna mai wake amene anapita kukagwira nchito ya m'nyumba. Motero njira imene tili kukamba lero, yophunzitsa cifundo ndi nkhani, inalembedwa kale m'buku la 1886.

Bukuli lili ndi zilema zake. Misozi icuruka, ndipo malangizo a makolo ndi aatali. Coposa apo, m'Cuore aliyense akhala pa malo ake. Atate a Enrico anena poyera kuti mwana wao adzapitiriza maphunziro pamene anzake adzalowa m'nyumba za nchito, nangomlangiza kuti asadzawaiwale. Palinso Franti, mnyamata wobvuta amene acotsedwa sukulu. Nayenso ngwa m'banja losauka, mai wake abwera ali kutsokomola kudzampepesera, koma palibe amene afunsa cimene cinamuumitsa mtima. Wolemba wina wa ku Italy, Umberto Eco, anaika m'buku lake la 1963 nkhani yoikira kumbuyo Franti ameneyu. Mphunzitsi aliyense ali naye Franti wake, ndipo adziwa kuti kukonda mwana wosauka wofatsa nkosabvuta.

Ku England, mu 1937, Eve Garnett anatulutsa The Family from One End Street, nkhani ya banja la ana asanu ndi awiri, atate ao otola zinyalala, mai ao ocapa zobvala. Apa osauka aseka, akangana, apita kukaceza. Mtsikana wao Kate apambana mayeso opitira ku sekondale, ndipo cimwemwe cisanduka nkhawa ya mtengo wa yunifomu. Bukulo linalandira mendulo ya Carnegie, ngakhale ena pambuyo pake anati wolembayo anali kuyang'anabe banjalo ndi maso a munthu wopeza bwino.

Tsopano tifike pa buku limene ndiyesa lofunika koposa kwa mphunzitsi wa pulaimale. Ndi kabuku kakang'ono ka masamba ngati 80, The Hundred Dresses, ndiko kuti madiresi 100, kolembedwa ndi Eleanor Estes ndi kujambulidwa ndi Louis Slobodkin. Kanatuluka ku United States mu 1944. Mai Estes anabadwa mu 1906 ku West Haven, m'cigawo ca Connecticut, ndipo anagwira nchito m'malaibulale a ana asanayambe kulemba.

Nkhaniyo iyamba ndi mpando wopanda munthu. Lolemba Wanda Petronski sanabwere ku sukulu, ndipo palibe amene anazindikira. Wanda ndi mwana wa anthu ocokera ku Poland, alibe mai, akhala ndi atate ake ndi mlongo wake kumalo a osauka kunja kwa tauni. M'kalasi akhala kumbuyo pa kona, pamene pakhala anyamata aphokoso a nsapato zamatope. Masiku onse abvala diresi imodzi yabuluu yosuluka, yocapa bwino koma yosasita. Tsiku lina atsikana ali kuyamikira diresi yatsopano ya mnzao, Wanda anena motsitsa mau kuti iye ali ndi madiresi 100 kunyumba. Kuyambira pomwepo pakhala masewera. M'mawa uliwonse Peggy, mtsikana wokondedwa ndi onse, amdikira panjira namfunsa mwaulemu wonyenga kuti ali ndi madiresi angati, ndi nsapato zingati, ndipo Wanda akayankha, onse afa nazo nseko. Lacitatu ndi pamene Peggy ndi mnzake Maddie azindikira kuti Wanda kulibe, ndipo azindikira cifukwa anacedwa ku sukulu pomdikira kuti amseke.

Luso la Mai Estes lili pa kusankha maso amene tionera nkhani. Sitiiona ndi maso a Wanda, kapena a Peggy. Tiiona ndi maso a Maddie, amene safunsa mafunso onyoza aja koma aimirira pomwepo osanena kanthu. Maddie nayenso ngwosauka. Abvala madiresi akale a Peggy amene mai wake awasokanso ndi kuwakongoletsa kuti anthu asawazindikire. Masewerawo amnyansa, ndipo tsiku lina ayamba kulembera Peggy kakalata kompempha kuti aleke, koma akang'amba. Aopa kuti Wanda akasiyidwa, maso onse adzatembenukira kwa iye, ndipo wina adzafunsa kumene anatenga diresi imene wabvala. Inu ana, ndani mwa inu sanaimepo pamene anaima Maddie?

M'kalasimo munali mpikisano wojambula, atsikana madiresi, anyamata maboti. Tsiku lolengeza wopambana ana alowa napeza makoma onse atadzala zithunzi za madiresi, zonse 100, zosiyanasiyana ndi zokongola, zojambula Wanda. Wapambana, koma kulibe. Mphunzitsi, Miss Mason, awerenga kalata yocokera kwa atate a Wanda yonena kuti banja lasamukira ku mzinda waukulu, kumene kuli maina ambiri acilendo ndipo palibe adzawaseka. Maddie ndi Peggy akwera citunda kunka kwao kwa Wanda, napeza nyumba ili pululu. Amlembera kalata, koma mau opepesa awakanika. Angomuuza kuti wapambana. Pafupi ndi Khirisimasi yankho lifika kwa mphunzitsi, ndipo Wanda apereka cithunzi cimodzi kwa Peggy ndi cina kwa Maddie. Atacipacika kunyumba, Maddie aciyang'anitsitsa naona kuti nkhope ya mtsikana wa m'cithunzico ndi yake. Peggy atonthozedwa msanga, nati zonse zatha bwino. Maddie satonthozedwa. Usiku wina wosagona anali atatsimikiza kale mumtima kuti sadzaimanso cete wina ali kunyozedwa, koma adziwa kuti Wanda sadzamuonanso.

Mwana wamkazi wa Mai Estes anafotokoza pambuyo pake kuti nkhaniyi inacokera pa mtsikana weniweni amene anaphunzira ndi mai ake, amene anali kusekedwa motero nasamuka pakati pa caka, mai akewo osapeza mpata wompepesa. Kapena ndi cifukwa cake bukuli likana kutipatsa mathero okoma. Mulibe Bambo Brownlow, mulibe colowa cobisika. Ndiponso taonani kuti Wanda sananame. Madiresi 100 analipo ndithu, ndipo mwana amene kalasi linamuyesa wopusa ndiye anali waluso kuposa onse.

Pamene maiko a mu Africa anali kulandira ufulu, olemba a kuno anayamba kulembera ana a kuno, ndipo mwana wosauka anakhala mwini nkhani. Ku Nigeria, Onuora Nzekwu ndi Michael Crowder anatulutsa Eze Goes to School mu 1963, nkhani ya mnyamata wa kumudzi amene atate ake amwalira, ndipo ndalama za sukulu zikhala nkhondo ya caka ndi caka. Mu 1966 Chinua Achebe analemba Chike and the River, mmene mnyamata wa ku Onitsha alakalaka kuoloka mtsinje wa Niger koma alibe kandalama kolipira pa bwato. Wowerenga mabuku awa safunsidwa kumvera cisoni Eze kapena Chike. Ayenda nao, awerenga nao makobiri, popeza iye yemwe anabwezedwapo ku sukulu cifukwa ca malipiro.

Buku la Beverley Naidoo, Journey to Jo'burg, la 1985, linaonjezera cinthu cina cimene mabuku ambiri akale anacizemba. Naledi ndi mlongo wake Tiro anyamuka kumudzi pa ulendo wa makilomita 300 kunka ku Johannesburg kukaitana mai wao, amene agwira nchito m'nyumba ya azungu, cifukwa mwana wakhanda wa m'banjamo, Dineo, wadwala kwambiri. Panjira aona apolisi ali kugwira anthu opanda mapasi, ndipo afika pomvetsa cifukwa cake mai wao alera ana a eni pamene ake ali kudwala kutali. Umphawi m'bukuli uli ndi cocititsa, ndipo cocititsaco cichulidwa dzina, ndico tsankho la boma la nthawi imeneyo. Boma la South Africa linaletsa bukuli, ndipo ciletsoco cinacotsedwa mu 1991. Palibe boma limene linaopa mtsikana wa macesi.

Wina angafunse ngati kuwerenga nkhani kumasinthadi mtima wa munthu. Mu 2013 David Kidd ndi Emanuele Castano anafalitsa m'magazini ya Science zotsatira zoonetsa kuti akulu amene anawerenga nkhani zopeka zolembedwa mwaluso anakhoza bwino pa mayeso ozindikira maganizo a anthu ena. Koma ofufuza ena atabwereza mayesowo mu 2016 sanapeze zofanana. Cotero tisayese buku ngati jekeseni wobaya mwana kamodzi iye nacira. Ine ndiona kuti mphamvu yaikulu ili m'kukambirana kumene kutsata kuwerenga, ndipo kumeneko ndi kwa mphunzitsi.

Kuno ku Zambia boma linacotsa malipiro a sukulu kuyambira Giredi 1 mpaka 7 mu 2002, ndipo mu Januwale 2022 linawacotsa mpaka Giredi 12. Ana ambiri amene anali atakhala kunyumba anabwerera, makalasi nadzaza. Zimene zinacitika ku Turin pambuyo pa 1877 zili pakati pathu: Betti, Crossi ndi Wanda ali m'kaundula wanu. Ena a iwo ndi okulirapo kuposa anzao a m'kalasi cifukwa ca zaka zimene anataya, ndipo ici cokha ndi cosekedwa naco.

Nkhani za ana osauka si zacilendo kwa ife. Nthano zathu za madzulo, zija tiyankha kuti tili tonse, zadzala ndi ana amasiye ozunzidwa ndi mai wopeza. Koma kawirikawiri mwana wamasiye wa m'nthano apulumutsidwa ndi cozizwitsa, mbalame yolankhula kapena nkhalamba ya kumtsinje, monga umo Oliver anapulumukira ndi colowa. Mukasimba nthano yotere m'kalasi, yesani kufunsa za anthu a m'mudzimo. Kodi anansi anali kuti pamene mwanayo anali kugona ndi njala? Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga bwanji m'nthanomo palibe anatsegula pakamwa? Mukafunsa motero mwapeza Maddie m'nthano ya kwathu.

Pophunzitsa ndi nkhani zimenezi samalani koposa za mwana uja wakhala kumbuyo. Musafunse kalasi kuti ndani alibe nsapato, kapena ndani sanadye, ngakhale mufunse ndi mtima wabwino. Musamuyang'ane powerenga malo owawa, pakuti maso a ana atsata maso a mphunzitsi. Ena akonda kusintha maina acilendo kuika a kwathu kuti nkhani imveke msanga. Pa nkhani zina nkwabwino, koma pa izi ndikupemphani kuti muwasiye monga ali. Connecticut ndi kutali, ndipo kutalikako kuli ngati mthunzi umene mwana wosauka abisalamo pamene anzake ali kukamba za moyo wonga wake. Cherani khutu pa nthawi yopuma. Mukamva dzina la Wanda litasanduka dzina lonyozera mwana wina, dziwani kuti phunziro lapita kumbali, ndipo muitane amene ayambitsa paokha.

Pali ciyeso cinanso. Kalasi likagwidwa cisoni, ana afuna kucitapo kanthu, ndipo mphunzitsi angati mawa aliyense abweretse cobvala cakale ca mnzathu uje. Kumbukirani mantha a Maddie. Mwana amene abvala malaya amene kalasi lonse lidziwa mwini wake woyamba sadzakweza dzanja caka conse. Ngati pali thandizo, lipite kwa makolo mwakacetecete, monga umo atate a Enrico anapukutira mpando.

Masukulu ambiri alibe mabuku amene ndachula. Ngati mulibe The Hundred Dresses, mukhoza kusimba nkhaniyo pakamwa m'Cinyanja kwa ana a Giredi 4 mpaka 7, moigawa masiku atatu. Tsiku loyamba lekezani pamene Maddie ang'amba kakalata kake, ndipo ana anene cimene iye ali kuopa. Tsiku laciwiri lekezani pa kalata ya atate a Wanda, ana asanadziwe ngati atsikana awiriwo adzampeza. Tsiku lacitatu, mutamaliza, mwana aliyense alembe m'kope lake kalata imene Maddie analephera kulemba. Makope amenewo muwacongere kunyumba, ndipo musawerenge kalata ya mwana aliyense pamaso pa kalasi pokhapokha mwini wake atapempha.